Khanda Lofa Lisanabatizidwe

Mdzukulu wathu anabadwa m'dzinja. Anakhala ndi moyo masiku asanu ndi limodzi basi. Mtsinje unali wodzala, ndipo wansembe sakanatha kuoloka. Tinamuika m'manda asanabatizidwe.

Madzulo ake amake anatifunsa kuti, "Kodi mwana wanga ali kuti?" Tinangoyang'ana pansi. Anthu amene anadzatipepesa anayamba kutsutsana pabwalo pomwepo.

Mkulu wina wa mpingo wathu wa Katolika anati mwanayo sangalowe kumwamba. Anati munthu aliyense amabadwa ndi chimo la Adamu, ndipo ubatizo ndiwo umalicotsa. Mnansi wathu wa mpingo wa Baptist anakana. Kwao sabatiza makanda. Amabatiza munthu amene wanena ndi pakamwa pake kuti wakhulupirira. Iye anafunsa kuti, "Khanda losadziwa ndi dzina lake lomwe lalakwa ciani?" Amake a mwana anali kumva zonsezi ali m'nyumba.

Pambuyo pake tinaphunzira kuti mkangano uwu ndi wakale kwambiri. Augustine anali bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria. Anamwalira m'caka ca 430. Iye anaphunzitsa kuti makanda osabatizidwa amalangidwa, koma cilango cao ndi copepuka koposa. Aphunzitsi a m'mbuyo mwake anaona kuti mau amenewa ndi owawa. Anayamba kunena za malo ochedwa Limbo. Anati kumeneko kulibe moto, kulibe ululu, koma ana saona nkhope ya Mulungu. Mpingo sunalamule kuti aliyense akhulupirire za Limbo. Komabe anthu anaphunzitsidwa zimenezi zaka mazana ambiri.

Katekisimu wa Katolika wa 1992 sachula Limbo. Amapereka ana otere ku cifundo ca Mulungu. M'caka ca 2007 akatswiri a mpingo ku Roma analemba kalata, ndipo Papa Benedict XVI anailoleza. Ananena kuti pali zifukwa zamphamvu zoyembekezera kuti anawa amapulumuka. Anati ndi ciyembekezo, sikuti akudziwa ndithu. Ife tikuti anacita bwino kunena coonadi cotero, ngakhale anacedwa.

Nanga ife tikuganiza ciani? Sitinaphunzire kwambiri. Koma timadziwa kuti mwana uja sanakane ubatizo. Cimene cinaletsa ndi mtsinje. Kodi Mulungu angatsekere khanda kunja cifukwa ca mvula imene anagwetsa yekha? Mtima wathu ukukana. Ena a ife amafunsa kuti, ngati zili conco, timabatiziranji makanda? Funso limeneli timakambiranabe, ndipo sitinagwirizane.

Pali cina cimene cimatiwawa. Mu mpingo wathu, khanda likakhala pafupi kufa, munthu aliyense angathe kulibatiza. Amathira madzi pamutu ndi kunena mau a ubatizo, m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Ife sitinali kudziwa. Tinali kudikira wansembe, pamene mitsuko yonse inali yodzala madzi.

Amake sanafunsenso funso lija. Patapita zaka ziwiri anabala mwana wina, nthawi ya cilimwe. Anamubereka kumbuyo ali ndi masiku atatu, napita naye kukabatizidwa.