Kainjini ka Kuseri kwa Nyumba

Mu 2024, mvula itakana ndipo madzi ku Kariba atatsika, tonse mu Lusaka tinazolowera mdima. Malaiti anali kupita m'mawa, n'kubwera pakati pa usiku tili m'tulo. Ku wailesi ya m'dera kumene ndimathandizako popanda malipiro, moyo wathu wonse unali pa jenereta imodzi ya petulo. Tsiku lina ndili pakati pa pulogilamu ya achinyamata, ndikuwerenga mauthenga a omvera, jenereta ija inatsokomola kawiri n'kuzima. Tinatuluka anthu anayi, aliyense ndi pepala lake la ku koleji, n'kuizungulira ndi matochi a pa foni. Wina anakoka chingwe mpaka thukuta kamukamu. Wina anaimenya mbama. Ine ndinangoimirira. Ndimalankhula ndi komboni yonse, koma sindinali kudziwa zimene zimachitika m'kati mwa chinthu chimene chimanyamula mau anga.

Chimene chinandiwawa n'chakuti ndine mwana wa munthu wa zitsulo. Atate anagwira nchito ya fitter ku mashopu a njanji ku Kabwe kwa zaka zambiri. Ine ndinasankha maikolofoni. Sanandiletse, koma sanandifunsepo ngakhale tsiku limodzi kuti pulogilamu yayenda bwanji. Manje shuga inawaononga maso, amaona kuwala ndi mithunzi chabe. Nthawi ina ndinayesa kuwajambula mau kuti afotokozere achinyamata za nchito yao. Ndinaika foni pa tebulo n'kunena kuti, "Atate, tiuzeniko mmene injini imagwirira nchito." Iwo anati, "Imamwa petulo, imazungulira." Pulogilamu inathera pomwepo.

Madzulo a tsiku la jenereta lija ndinawauza zimene zinachitika. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anati, "Ufuna kuidziwa injini? Panga yako." Ndinayesa akundinyoza. "Yaing'ono chabe, ya silinda imodzi. Iwe uli ndi maso, ine ndili ndi manja."

Malo athu ogwirira nchito anali kuseri kwa nyumba, pansi pa malata awiri. Tinali ndi tebulo la matabwa, vaisi yakale ya atate, matupa atatu, hakiso, drill, ndi vernier imene anali kuisunga mu nsalu ngati Baibulo. Lathe tinalibe. Zonse zofuna kuzungulizidwa tinali kupita nazo ku Garden kwa mnzao wakale, n'kulipira pang'onopang'ono.

Zimene anakana kunena pa foni zinayamba kutuluka zokha atagwira chitsulo m'manja. Injini yathu ndi ya maulendo anayi, mtundu umene Nikolaus Otto anaukonza ku Germany mu 1876, ndipo ndi womwewo uli mu motoka zambiri za petulo ndi mu jenereta yathu ija. Ulendo woyamba pisitoni imatsika n'kukoka mpweya wosakanizika ndi nthunzi ya petulo. Wachiwiri imakwera mavalavu onse ali otseka, n'kuupanikiza mpweya uja pa kamalo kochepa. Wachitatu pulagi imatulutsa moto, mpweya umayaka n'kukankha pisitoni pansi mwamphamvu. Wachinayi imakweranso kutulutsa utsi. Pa maulendo anayiwo, umodzi wokha ndiwo umabala mphamvu. Atatu enawo amadya za mnzao.

"Monga nyumba ino," anatero atate. "Anthu anayi, wapanchito mmodzi."

Sindinayankhe. Panyumba pathu wolandira malipiro pa mwezi ndi mlongo wanga yekha.

Chimene chimanyamula injini pa maulendo atatu opanda mphamvu aja ndi flywheel, gudumu lolemera limene likayamba kuzungulira silifuna kuima msanga. Lathu tinachotsa ku makina osokera a amai amene anafa kalekale. Amai anavomera, koma anati injiniyo ikakana tiwabwezere gudumu lao. Silinda inachokera ku chidutswa cha cast iron cha ku sikilapu, chifukwa atate anati chitsulo chimenecho chimaterera bwino ndipo sichitha msanga. Pisitoni ndi ya aluminiyamu, yokhala ndi kamphete ka mphira. Pulagi tinatenga ya makina otchetchera udzu, koilo ya njinga yamoto. Valavu yolowetsa mpweya tinaiika kasipuling'i kofewa ka mu bolopeni, kotero imatseguka yokha pisitoni ikakoka. Valavu ya utsi ndiyo imafuna kukankhidwa, kamodzi kokha crankshaft ikazungulira kawiri. Pa chifukwa chimenechi tinafunika magiya awiri, lina la mano 20, lina la mano 40. Ndinatha ma Loweruka atatu ndikuzungulira m'masikilapu a ku Kanyama, ndikuwerenga mano a magiya ngati wamisala.

Bowo la silinda ndi mamilimita 22, ndipo pisitoni imayenda mamilimita 26. Ndiye kuti mpweya umene imakoka pa ulendo umodzi ndi wokwana timasupuni tiwiri ta tiyi. Pa kanthu kochepa chonchi, kulakwitsa ngakhale pang'ono kumaoneka. Mpata wa pakati pa pisitoni ndi silinda uyenera kuchepa kuposa tsitsi limodzi. Pisitoni yoyamba inali yothina, ndiye ndinaipala ndi sandipepa atate ali kuchimbudzi, kuti ndiwadabwitse. Atabwera anatseka kunsi kwa silinda ndi chikhato n'kuponyamo pisitoni ija. Inagwa kuti pha. "Yabwino imatsika pang'onopang'ono, itakhala pa mpweya," anatero. "Chitsulo ukachotsa sungabwezerepo." Tinabwerera ku Garden ndi ndalama zina.

Nchito yanga yeniyeni inali kuwerenga vernier mokweza. Atate anali kuyendetsa chala pa chitsulo n'kunena kuti mbali iyi yakwera. Ine n'kupima, n'kupeza kuti ndi zoona. Sindinawapezepo atalakwa.

Patapita miyezi isanu zonse zinali pamalo pake. Ndinaitana anzanga awiri a ku wailesi kuti adzaone. Ndinakulunga chingwe pa flywheel n'kukoka. Zii. Ndinakokanso. Zii. Moto unalipo, ndikudziwa bwino chifukwa unandimenya mpaka m'chigongono. Petulo analimo. Anzanga anapita kwao akuseka, ndipo ma Loweruka ena awiri anatha chimodzimodzi. M'manja munatuluka matuza. Nditawerengera, ndalama zimene zinapita pa kainjini kaja zikanagula matumba angapo a unga, ndipo zina zinali za mlongo wanga. Iye sananene kanthu, koma anali kudutsa kuseri kuja osayang'anako. Usiku wina ndinaganiza zonyamula zonse kukagulitsa pa sikelo.

M'mawa mwake atate anati, "Zimitsa nyimbo zakozo. Zunguliza ndi dzanja, pang'onopang'ono." Anagwada n'kuika khutu pa kapaipi ka utsi. Ndinazunguliza kamodzi, kawiri. "Imva," anatero. Ine sindinamve kalikonse. "Ikupuma." Tinapakapo madzi a sopo, ndipo pa ulendo wopanikiza uja tinaona tithovu tikutuluka. Valavu ya utsi sinali kutseka bwino. Ndi maso inali kuoneka yotseka, koma mpweya unali kuthawa usanapanikizike, ndipo moto unali kupeza zochepa zoti uyatse.

Mankhwala ake ndi kupekesa. Umapaka phala lonolera pamene valavu imakhala, n'kuika mwendo wake pakati pa zikhato, n'kumaizunguliza uku ndi uku monga mmene makolo anali kupekesera moto. Umakweza, umatembenuza pang'ono, umapekesanso, mpaka pakaoneke mzere wotuwa wozungulira wosadukiza. Tinamalizira ndi mankhwala otsukira mano chifukwa ndi osalala. Zinatitengera masana onse, ndipo masana amenewo atate analankhula kuposa zaka zonse zimene ndawadziwa. Anandiuza mmene anayambira kuphunzira nchito, milungu ndi milungu akungopala chidutswa chimodzi cha chitsulo ndi tupa kuti chikhale chofanana mbali zonse. Anandiuza za anzao amene anamwalira, aliyense ndi luso lake limene sanasiyire munthu. Foni yanga inali m'nyumba pa chaja. Sindinapite kukaitenga.

Kenaka, osandiyang'ana, anati, "Lachitatu lija unathamanga kwambiri powerenga uthenga wa mai uja wa ku Chawama. Uzipuma." Ndinasiya kupekesa. Sindinadziwe kuti amamvera. Amai anandiuza pambuyo pake kuti saphonya, ndipo malaiti akapita amakalipa ngati mu kawailesi mulibe mabatire.

Titabwezera valavu, flywheel inayamba kulimba pa ulendo wopanikiza, n'kumabwerera yokha ngati yagunda mpira. Tinakonza kuti moto uzibwera pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba, chifukwa petulo amafuna kanthawi kuti ayake. Ndinakoka chingwe. Pu. Ndinakokanso. Pu, pu. Ulendo wachitatu kanagwira, kulira kuti tu tu tu tu, tebulo lonse likunjenjemera, mabauti akuvina. Ana a pafupi anathamangira ku mpanda. Amai anatuluka ndi mthiko m'manja. Mlongo wanga anaima pakhomo. Atate anaika chikhato pa tebulo, mutu atapendeketsa. Kanayenda masekondi 40 n'kuzima.

Ndinawayang'ana, ndikudikira mau aakulu. Anati, "Petulo wachuluka. Chepetsa."

Anali kunena zoona. Injini imafuna mpweya wambiri ndi petulo wochepa kwambiri, pafupifupi magalamu 15 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Utsi wakuda ndi pulagi yonyowa ndi chizindikiro chakuti wapitirira muyezo. Ndipo imwe amene mungafune kuyesa, chonde muziyatsira panja. Utsi wa injini iliyonse ya petulo, kaya ndi kakang'ono ngati kathu kaya ndi jenereta, uli ndi mpweya wa carbon monoxide umene suoneka ndipo umapha munthu m'nyumba yotseka.

Ku wailesi, jenereta ikazima manje amaitana ine. Ndimayang'ana zinthu zitatu motsatana: moto, mafuta, ndi kupanikizika kwa mpweya. Nthawi zambiri ndi pulagi yakuda kapena kabowo ka mu kabyureta kotsekeka ndi zinyalala. Malipiro sindinayambe kulandira, ndipo m'nyumba mwathu wapanchito akali mmodzi.

M'makomboni mwathu muli madala ambiri onga atate, okhala pa mpando panja tsiku lonse, amene anagwira zitsulo ku migodi, ku njanji ndi m'magalaji. Mukawafunsa ndi pakamwa adzakuyankhani mau awiri. Apatseni chitsulo m'manja, imwe mugwire mbali inayo.

Kainjini kathu manje kamafika mphindi zitatu, kenaka kamatentha n'kuima. Atate akuti tiike kachitini ka madzi kuzungulira silinda. Andituma kuti Loweruka ndikafune chitini chabwino, ndipo akuti ndisayambe kudula iwo asanachigwire.