Agogo, mundiyang'anire mombo wa kuseri kwa nkhokwe

Mtendere, Lusaka
21 Seputembala 2025

Okondedwa agogo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi agogo aakazi ndi onse kwathu ku Mkanda. Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa layamba kuswa mtengo ndipo fumbi la mu komboni muno silikutipatsa mpata. Ukayanika malaya m'mawa, pofika madzulo ayamba kale kufiira pachingwe pomwepo. Ufa ndi nsinjiro zimene munapatsira alamu ndinalandira ku siteshoni ya mabasi ya Intercity. Zikomo kwambiri, Mulungu abwezere pomwe mwachotsapo.

Amalume andiuza kuti munadabwa mutamva zoti masiku ano ndimajambula mitengo, ati munafunsa ngati kuwotcherera ndasiya. Ayi agogo, sindinasiye, ndikadali pa shedi yomwe ija ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata. Kumeneko ndi komwe anandipeza mayi wina amene akuchita maphunziro a zomera pa yunivesite ya UNZA. Ankafuna timabokosi tachitsulo totsekera makamera ake kuti akuba ndi anyani asawagwire. Nditamupangira, anati bwanji Loweruka ndizimuperekeza kutchire ndi makwerero, ndizimusinthira mabatire ndi timakhadi tosunga zithunzi.

Makamerawo tinawamangirira pamitengo kum'mawa kwa mzinda, chakufupi ndi nkhalango imene kuno amaitcha Forest 27, komwe kumachokera madzi a mtsinje wa Chalimbana. Kamera iliyonse imayang'ana malo amodzi basi, osasuntha, ndipo imadzijambulira yokha pa mphindi 30 zilizonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Timailozetsa kumwera, chifukwa kuno dzuwa nthawi yambiri limadutsa chakumpoto ndipo likawomba pagalasi chithunzi chimawonongeka. Chondisowetsa mtendere ndi akangaude ndi mavu. Ukatsegula bokosi umapeza mavu amanga kale pakona, kangaude naye waluka pakamwa penipeni pa galasi, ndiye sabata yonse kamera yajambula ukonde m'malo mwa nkhalango.

Zithunzizo mayiyu akazilumikiza pa kompyuta, miyezi itatu imatha mu mphindi imodzi. Agogo, ndikanakonda mukanaona! Mu Julayi mitengo ya tsamba ndi mchenga ili mbee, masamba akuyoyoka. Kenako moto wa lupsa ukudutsa, pansi ponse bii. Ndiyeno kumapeto kwa Ogasiti, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo, nsonga za nthambi zikuyamba kufiira, mawa lake psuu ngati nsalu yatsopano, kenako n'kusanduka zobiriwira. Kompyuta imawerenga kuchuluka kwa kubiriwira pa chithunzi chilichonse n'kutchula tsiku limene nkhalango yadzuka. Koma mitengo yathuyi imaisokoneza, poti imayamba ndi kufiira, choncho mayiyu amawerenganso kufiirako padera.

Ndinamuuza kuti zimenezi inu munandiphunzitsa ndili mwana, kuti mombo suyembekeza mvula, umaphuka chilimwe chili pakati, ndipo ukaphuka munthu ayambe kusosa ndi kukonza mbewu. Sanaseke. Anati mu 2017 akatswiri a ku yunivesite ya Edinburgh, motsogozedwa ndi Casey Ryan, anasindikiza zimene anapeza pa zithunzi za setilaiti, zoti m'nkhalango za miombo m'chigawo chino cha Africa mitengo imabiriwira mvula isanagwe pafupifupi paliponse, kwina ndi masabata angapo. Mizu yake imatunga chinyezi chakuya, ndipo mtengo umakhala utasunga chakudya kuchokera dzinja lapitalo. Chimene chikuvutabe ndi ichi: mtengo ukaphuka pa nthawi yake koma mvula n'kuchedwa mpaka Disembala, masamba anthetewo apirira mpaka liti? Nanga mphalabungu zimene zimadalira masambawo?

Nzeru ya makamerayi amaigwiritsanso ntchito kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Alaska, Greenland ndi Svalbard, kumalo otchedwa tundra. Kumeneko kulibe mitengo italiitali. Nthaka yapansi imakhala youndana chaka chonse, pamwamba pake pamangomera ndere, udzu ndi tizitsamba tofika m'mawondo. Chipale chofewa chikasungunuka, zomera zimakhala ndi miyezi iwiri kapena itatu yokha kuti ziphuke, zichite maluwa ndi kubereka. Munthu sangakhale pamenepo tsiku ndi tsiku, ndiye amasiya kamera pamtengo wachitsulo n'kudzaitenga nyengo ikatha. Kumeneko kukutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse chiyambire 1979.

Nkhani imene inandigwira mtima ndi ya ku Zackenberg, kumpoto chakum'mawa kwa Greenland. Kuyambira 1996 anthu akhala akulemba tsiku limene maluwa achita, tizilombo tatuluka ndi mbalame zaikira mazira. Zaka 10 zoyambirira zinaonetsa kuti zonsezi zikufulumira ndi masabata awiri, dziko lonse n'kudzidzimuka. Koma atapitiriza mpaka zaka 25, mu 2023 anapeza kuti sikuti nyengo ikungofulumira chaka ndi chaka ayi, koma ikusinthasintha kwambiri, chaka china msanga, china mochedwa. Akanalekera pa zaka 10 akanatenga theka la nkhani n'kuliyesa nkhani yonse. Ine ndikuona kuti kwathunso vuto ndi lomweli: mvula sikuti yangochepa, koma yasiya kudalirika.

Mukukumbukira 2024. Kuno Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza za tsoka la chilala pa 29 Febuluwale, kwathuko a Chakwera nawo analengeza pa 23 Malichi m'maboma 23. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankatha pafupifupi tsiku lonse, ife owotcherera tinkagwira ntchito pakati pa usiku akangobwera. Nyumba iliyonse mu Mtendere, Chawama, George ndi Matero inabwerera pa mbaula, ndipo njinga zamakala zinkalowa mumzinda mbandakucha zitasanjikiza matumba mpaka wopalasa osaoneka. Sindingamunene wowotcha makala, nanenso nsima yanga imapsa ndi makala omwewo. Koma zimandipweteka. Mwezi watha tinapeza tsamba wina amene kamera inkamuyang'ana atagwetsedwa. Pa zithunzi akuoneka ali chiimire m'mawa, mphukira zitayamba kumene, masana pangotsala chitsa. Forest 27 nayo zigawo zake zina anazichotsa pa chitetezo kuyambira 2017, ndipo pano pali nyumba.

Mu komboni muno ana ambiri sadziwa tsamba kapena mchenga. Nyengo amaiwerengera ku jakaranda wa m'misewu ya m'tauni, amene pano wachita maluwa, ndi ku madzi a ku Kanyama. Kumeneko pansi ndi mwala, madzi ali pafupi, moti mvula ikalimba mu Januwale amadzaza m'nyumba ndi m'zimbudzi, kolera n'kutsatira. Kwa mwana wa ku Kanyama dzinja ndi jombo ndi ndowa yokapira madzi, osati bowa ndi masuku.

Tsono pempho langa ndi ili. Makamera athu ayamba posachedwa, ndipo ndalama za kafukufuku zikadzatha adzawachotsa. Inu mombo wa kuseri kwa nkhokwe uja mwauona ukuphuka kuyambira nthawi ya Kamuzu, kungoti palibe analemba. Ndatumiza kope lachikuto cholimba, mabolopeni ndi foni yanga yakale kudzera kwa alamu omwewo. Mchemwali wanga wamng'onoyo akhome chikhomo pabwalo, aziima pamenepo masana aliwonse nsana atalozetsa kumpoto n'kujambula mtengowo kamodzi. Inu muzimuuza zolemba: tsiku limene masamba ayamba kufiira, limene nyenje zayamba kulira, la chizimalupsa, la mvula yobzalira, la ngumbi zoyamba. Mukakumbukanso za zaka zakale, monga chilala cha 1992 kapena njala ya 2002, kuti mitengo inachita bwanji, zimenezo alembe kumapeto kwa kope. Mayi uja wati adzafuna kuziwerenga, ndipo ine ndikufuna ana anga adzazipeze.

Mupereke moni kwa agogo aakazi, muwauze kuti mafuta opaka m'miyendo ndaika m'chikwama momwe muli kopelo. Ndibwera pa Khirisimasi kudzera pa Mwami. Chonde agogo, musadikire kuti ndifike, yambani kulemba sabata yomwe ino mombowo usanamalize kuphuka.

Ndine mdzukulu wanu wokukondani,
wa ku Mtendere