Za galimoto zowira pa Khwekhwelere

Abale anga apanyanja, makamaka inu amene mumakweza usipa kumtunda kuno ku Dedza, tamverani. Ine ndine mwana wa msodzi, koma pano ndine mkamwini ku Kasina, kozizira koti ukadzuka m'mawa mu Juni mano amachita kuombana. Ndiye anthu amadabwa kuti kuzizira konseku, galimoto zathu zakalezi zimawira bwanji?

Alamu anga ali ndi Hilux yakale ya dizilo. Ndi imene imatidyetsa. Imatsika kunyanja kukatenga nsomba, n'kukwera kudzera pa Golomoti mpaka pa Masasa, kenako M1. Chaka chatha inayamba matenda. Pachidikha ili bwinobwino, koma ikangoyamba Khwekhwelere, muvi uja ulendo kofiira. Zigubu za madzi zinayamba kulanda malo a nsomba. Tsiku lina anaima maola atatu pamakhotapo, ayezi yense kusungunuka, utaka wauwisi n'kukagulitsidwa motaya. Ngongole ya kubanki m'khonde siimva zoti galimoto inawira.

Rediyeta anatsukitsa. Lamba wa fani anasintha. Makaniko wina anachotsanso thermostat, akuti imatsekereza madzi. Osasintha kanthu.

Bambo anga akalitsa injini ya boti, Yamaha ija, sachoka pagombe asanaone kuti ikukodza. Kamadzi kaja ndi umboni woti madzi a m'nyanja akudutsa m'kati n'kutuluka ndi kutentha. Galimoto ilibe nyanja. Madzi ake ndi omwewo, amangozungulira, ndipo chimene chimawaziziritsa ndi mpweya wodutsa m'timipata ta rediyeta. Tsono mpweya uli ngati usipa mu chilimira: ukapeza pong'ambika, wonse umathamangira pomwepo. Sungadzivute kupanikizana m'timipata pamene pambali pali chimpata chotakasuka.

N'chifukwa chake opanga galimoto amaika zinthu zimene ife timaziona ngati zokongoletsa: siponji m'mbali mwa rediyeta, kamphira pamene pamagona boneti, chipulasitiki cha pansi, komanso chikuto chozungulira fani chimene amakaniko amati shroud. Pa Hilux ya alamu zonsezi panalibe. Siponji inafumbutuka kalekale, chikuto chinasweka, wina n'kuchitaya poti chimamulepheretsa kulowetsa sipanala.

Taganizani zimene zimachitika pamtunda. Galimoto yalemedwa, ili mu giya 1 kapena 2, injini ikulira ngati ithyoka, koma liwiro ndi la njinga. Mphepo yochokera kutsogolo palibe, ntchito yonse yatsalira fani. Fani yopanda chikuto imakoka mpweya wa m'mbali mwake, wotentha kale, m'malo mokoka wodutsa m'rediyeta, ndipo m'makona a rediyeta simudutsa kanthu. Choipitsitsa, mpweya wotentha wa ku injini umazemba m'mipata ija, kubwerera kutsogolo, fani n'kuukokanso. Zili ngati kukapa madzi m'bwato n'kumawathira m'bwato momwemo.

Pamwamba pa izo, kumtunda kuli zake. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 474, pamene Dedza boma ili cha m'ma 1,600. Kumeneko mpweya ndi wopepuka, sunyamula kutentha kochuluka ngati wa ku Chipoka, ndipo madzi osatsekera amawira pa madigiri pafupifupi 95, osati 100. Chotsekera cha rediyeta ndicho chimapanikiza madzi kuti asawire msanga, ndiye mphira wake ukatha mwaonjeza vuto. Kuzizira kwa kuno kumathandiza, inde, koma ngati mpweya wozizirawo ukudutsadi poyenera.

Tinachita izi, pabwalo pompano, atsibweni a ana akutiseka kuti tikusoka galimoto ngati ukonde kkkk. Chikuto tinachipeza kwa ophwasula galimoto ku Lilongwe. M'mbali tinatseka ndi siponji yolimba, pamwamba ndi chubu chakale cha thayala, kumanga bwino kuti chisakhudze fani kapena paipi ya utsi. Thermostat tinabwezeramo. Ndalama yonse sinafike ngakhale theka la mtengo wa gasiketi, osanena zokonza hedi ikapindika.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Injini ikulira, galimoto itaima, gwirizani pepala kutsogolo kwa rediyeta, pakati ndi m'makona monse. Likamamatira, mpweya ukudutsa. Likagwa, pali pamene ukuthawira. Zala kutali ndi fani chonde, ndipo injini ikawira musatsegule chotsekera chija. Nthunzi yake imasenda nkhope.

Sindikunena kuti kuwira konse ndi mipata ayi. Rediyeta yodzaza matope a pachitsime, pampu yotha, katundu wopyola muyezo, zonsezo zimawiritsa. Koma izo aliyense amazifufuza, za siponjizi ayi. Hilux ija pano ikumakwera Khwekhwelere muvi uli pakati, ndipo zigubu zinatsala ziwiri, chimodzi ndi cha madzi akumwa.

Amene muli ndi achibale oyendetsa ma Datsun ndi ma Nissan 1400 pamsewu wa Golomoti, atumizireni asanafike Okutobala.