Jenereta ikamazima ikangotentha, onani pomwe pali pampu ya mafuta

Nyengo yotentha yafika, ndipo tikudziwa kuti ena mwa inu majenereta ayamba kale kukuvutani. Ndiye tati tigawane nanu zomwe tinachita pa galimoto yathu, mwina wina apulumutse mpamba wake.

Ife tilipo atatu pa geni yathu. Timayenda pa vani yakale yomwe kwawo inali yogonamo anthu okaona malo. Inabwera ndi kabedi, kasinki ndi jenereta ya petulo yomangirira m'kabokosi kunsi chakumbuyo. Kasinki tinachotsa n'kuikapo difirizi. Timatenga nsomba zowumitsa ndi ayezi, mpunga wa Kilombero ndi zitenje. Timatulukira pa Mwanza, kudutsa Tete, kulowa pa Nyamapanda, ndipo tikafika Harare timagwira msewu wa ku Bulawayo mpaka Kwekwe, mtunda wopitirira pang'ono makilomita 200.

Makasitomala athu ambiri ndi ana ndi zidzukulu za agogo athu omwe anapita kukagwira ntchito m'migodi nthawi ya Nyasaland. Muwapeza ku Amaveni ndi Mbizo ku Kwekwe, ku Torwood ku Redcliff komwe fakitale ya zitsulo ya Zisco inaima mu 2008, ku Makusha ku Shurugwi, ndi ku Mandava ndi Maglas ku Zvishavane. Ena sanapondeko ku Malawi, koma akamva kuti kwabwera chambo amaima pamzere. Vuto ndi loti magetsi m'matauni amenewa amatha kuzima tsiku lonse, ndiye zoti mukapempha soketi pa nyumba ya munthu musadalire. Jenereta ikafa, nsomba zimayamba kufewa, ndipo ndalama ya ulendo wonse imathera m'dzenje.

Matenda a jenereta yathu anali otere. M'mawa kukuzizira inkalira kamodzin'kamodzi. Ikayenda mphindi makumi atatu kapena anayi dzuwa lili paliwombo, inkayamba kukwera ndi kutsika mawu ngati munthu wa befu, kenako zii. Kuiliza pompo, ayi ndithu. Kuisiya ola limodzi kuti izizire, inkaliranso ngati palibe chinachitika. Ngati yanu ikuchita chimodzimodzi, musathamangire kugula kabuleta kapena pulagi. Kawirikawiri ndi mafuta omwe sakufika.

Chomwe chimachitika n'chakuti petulo sachedwa kusanduka mpweya. Mbali yake ina imayamba kuwira pa kutentha kosafika n'komwe madigiri 40. Kukakhala kumtunda amawira msanga kuposa kuchigwa, ndipo Gweru ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,400 pomwe Tete ili pansi kwenikweni m'chigwa cha Zambezi. Komanso petulo wa ku Zimbabwe amasakaniza ndi ethanol wa nzimbe, nthawi zina mpaka 20 pa 100 alionse. Ndiye taganizirani: pampu ili m'kabokosi limodzi ndi injini yotentha, thanki ili kutali mamita awiri kapena atatu, pampuyo ikuyamwa. Kuyamwako kumachepetsa mphamvu yopanikiza mafuta m'paipi, ndipo mafuta otentha kale amasanduka thovu. Mapampu ang'onoang'ono a magetsiwa amadziwa kukankha mafuta, koma kuyamwa ndi ofooka, ndipo mpweya ndiye sangaupope n'komwe. Amakaniko amati vapour lock. Pampu ikakhala yokalamba, kutenthako kumaimalizitsa.

Tisanamasule chilichonse tinayamba tatsimikiza, ndipo nanunso yambani choncho. Choyamba onani oyilo, chifukwa majenereta ambiri amadzizimitsa okha oyilo akachepa, koma imeneyo imazima mwadzidzidzi, osati mosisima. Chachiwiri onani geji ya mafuta. Pa magalimoto ogonamowa, kapaipi ka jenereta sikafika pansi pa thanki. Anakapanga dala kuti jenereta isakumalizireni mafuta oyendera, ndiye thanki ikatsika kufika pa kota jenereta imaima ngakhale ili bwinobwino. Chachitatu, itangozima kumene, tinavula paipi yolowa mu kabuleta n'kuilozetsa m'botolo, wina n'kudina batani. Pampu inkagunda ndithu kuti tikitiki, koma m'botolo munkangogwa thovu ndi timadontho. Titayesanso m'mawa kuli kozizira, mafuta anatuluka bwino. Tinayezanso waya wa pampu ndi mita n'kupeza kuti mavoti 12 akufika. Apo tinadziwa kuti nkhani ndi pampu ndi malo ake.

Pogula pampu yatsopano m'pomwe ambiri amalira. Jenereta ya kabuleta imafuna pampu yofatsa ya mavoti 12, ya mphamvu yochepa, cha m'ma 2 mpaka 4 psi, ndipo ngati buku la jenereta yanu lilipo tsatirani nambala yake. Pampu ya galimoto ya injekishoni imakankha kupitirira 40 psi. Mukaika imeneyo, kasingano ka mu kabuleta sikangathe kutseka, petulo amasefukira pa injini yotentha, ndipo zotsatira zake ndi moto. Wogulitsa akakuuzani kuti zonse n'chimodzimodzi, werengani nokha pa katoni. Ife tinagula yathu m'shopu ya masipeya ku Gweru, pamodzi ndi fyuluta, paipi yatsopano, makilampu ndi fyuzi. Tengani madola a ku America ang'onoang'ono, chifukwa chenje imavuta.

Ntchito tinaigwira panja, m'mawa injini ili yozizira, titachotsa waya wa negativi pa batire. Fodya ayi, mbaula kutali, chozimira moto pafupi. Pampu yakale tinaichotsa m'kabokosi muja, ndipo pamalo pake tinangodutsitsa paipi yolunjika ku kabuleta. Yatsopanoyo tinaimangirira pa chitsulo cha shasi pafupi ndi thanki, motsika kufanana ndi pansi pa thankiyo, kuti isamavutike kukoka mafuta, izingokankha. Tinasankha mbali yomwe kulibe ekizozi, komwe mphepo imapita. Tinaiika mkati mwa chitsulocho, osati kunsi kwake, n'kutchingira ndi kalata kakang'ono, chifukwa misewu yolowera ku migodi ndi ya miyala ndipo mathiraki a chrome anaikumba.

Pali tizinthu tina tomwe musatiphonye. Fyuluta ikhale pakati pa thanki ndi pampu, kuti zinyalala zisalowe m'pampumo. Pampu ndi fyuluta zonse zili ndi kamuvi kolozera komwe mafuta akupita, ndipo kaloze ku jenereta. Kukamwa kotulukira mafuta kupenyeko m'mwamba pang'ono kuti mpweya usatsakamire mkati. Pomangirira palani penti mpaka chitsulo chiwale, chifukwa mapampu ambiri amatenga negativi pa thupi lake. Waya wa positivi tinangotalikitsa uja wa pampu yakale, n'kuikapo fyuzi, n'kuukulunga bwino. Musaulumikize molunjika ku batire kapena ku kiyi wa galimoto. Pampu iziyenda pokhapokha jenereta ikulira, apo ayi tsiku lina paipi idzaphulika usiku, pampu n'kumathira petulo pansi inu muli mtulo pamwamba pake.

Paipi yakale musaibwezere. Ethanol amaumitsa labala wakale, amang'ambika timing'alu tosaoneka, ndipo pampu imayamwa mphepo m'malo mwa mafuta. Funsani paipi ya petulo yolembedwa kuti imapirira ethanol, ya saizi yofanana ndi yakale. Mangani ndi makilampu enieni, osati waya kapena mphira ya chubu. Pomwe paipi ikudutsa pafupi ndi chitsulo chakuthwa, ivekeni chidutswa cha paipi yokulirapo, ndipo muimange kuti isamagwedere.

Titamaliza tinabwezera batire n'kudikira kuti mafuta adzaze paipi. Majenereta ena monga a Onan amapopa okha mukagwira batani lozimitsira kwa kanthawi. Tinapukuta polumikiza ponse ndi kansalu kouma kuti tione ngati pakudontha, kenako tinaiyatsa ndi difirizi kwa maola awiri masana dzuwa likuswa mtengo. Kuyesa m'mawa kapena popanda katundu n'kudzinamiza, chifukwa matendawa amabwera ndi kutentha. Kuchokera pamenepo takwera ndi kutsika Boterekwa maulendo angapo, taima pa Mandava tsiku lathunthu mu Okutobala, ndipo nsomba zafika zili gwa.

Dziwaninso kuti kumtunda injini iliyonse yopanda turbo imafooka, pafupifupi 3 pa 100 pa mamita 300 alionse omwe mwakwera. Jenereta yomwe imanyamula difirizi, ketulo ndi mafoni a anthu onse ku Tete, ikafika ku Gweru imakhala yatsika mphamvu. Ikamalemedwa kumeneko si pampu ayi, chepetsani zomwe mwalumikiza. Ndipo mukabwerera kumudzi n'kuimika galimoto mwezi wathunthu, muziiliza jenereta kamodzi pa sabata ziwiri, chifukwa petulo wa ethanol amakoka chinyezi ndipo akakhalitsa amatseka kabuleta.

Inu a mathiraki a dizilo, nkhani ya petulo kuwira siikukhudzani kwenikweni, koma ya paipi yong'aluka yoyamwa mphepo ndi yanu yomwe. Ndipo tonsefe ogona m'galimoto pa boda kapena pa filing'i siteshoni, utsi wa jenereta uli ndi mpweya wakupha wosanunkha, wosaoneka. Poti mwalowa kale kunsi kwa galimoto, onaninso ekizozi ya jenereta ngati siinabooke, ndipo kukamwa kwake kutulukire kunja kwa bodi, kutali ndi zenera. Mnzanu akaimika pafupi kwambiri, mudzutseni musuntheko. Ifeyo timazimitsa yathu tisanagone. Difirizi yodzaza bwino, yosatsegulatsegula, yofunditsidwa bulangete, imasunga kuzizira mpaka m'mawa.

Ndiye musananyamuke ulendo uno, gwadani muone pomwe pampu yanu ili. Ikakhala m'kabokosi limodzi ndi injini, isamutseni muli kwanu komwe makaniko mukumudziwa, osadikira kuti ikufereni pakati pa Shurugwi ndi Zvishavane difirizi ili yodzaza. Amene munachitapo izi pa galimoto ya mtundu wina, tiuzeni munaiika pati. Muyende bwino nonse.