Kuchokera ku Chigwa cha Shire kukafika ku Gulupu: njira ya odwala impso

Mwezi wa Okutobala ukafika, Chigwa cha Shire chimasanduka ng'anjo. Ku Nchalo, m'boma la Chikwawa, kutentha kumapitirira madigiri 40. Milambe imaima yopanda tsamba, ndipo chobiriwira chimangokhala minda ya nzimbe yomwe imamwa madzi a m'ngalande. Alimi amalawirira kumunda kusanache, koma pofika 10 koloko malaya amakhala atanyowa kale ndi thukuta. Amene waiwala chigubu cha madzi kunyumba amaweruka kukhosi kuli gwa, mkodzo wake uli wochepa ndi wofiirira. Pamenepo ndiye kuti impso zake zagwira ntchito yakalavulagaga.

Munthu ali ndi impso ziwiri, iliyonse yaikulu ngati chibakera, ndipo zimakhala chakumsana, m'munsi mwa nthiti. Mu impso iliyonse muli tisefa pafupifupi 1 miliyoni. Tsiku lililonse tisefati timasefa madzi a m'magazi okwana malita 180 n'kubweza ochuluka m'thupi. Otsalawo, lita imodzi kapena awiri, ndiwo amatuluka ngati mkodzo pamodzi ndi zoipa za m'thupi. Chovuta n'chakuti impso sizibuula. Zikhoza kuwonongeka ndi theka mwini wake akupalira thonje osamva kanthu. Chimene chimayamba kuulula ndi mkodzo.

Ngalande za m'chigwamu ndi chitsanzo. Masana ana amadumphiramo kuti azizidwe, amayi amachapiramo. M'madzi odekha otere mumakhala nkhono zosunga tizilombo ta likodzo, tomwe timalowa m'thupi kudzera pakhungu. Chizindikiro chake ndi magazi otuluka kumapeto kokodza. Kumadera ena anthu amati mnyamata wokodza magazi ndiye kuti akukula, koma zoona zake n'zakuti mazira a tizilomboti akuvulaza chikhodzodzo. Zaka zikamapita, zipsera zimatha kutseka njira za mkodzo, mkodzowo n'kumabwerera kukatupitsa impso. Komatu mankhwala ake, a praziquantel, amagawidwa ngakhale m'sukulu.

Matenda a impso amabwera m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yadzidzidzi, ya masiku owerengeka. Malungo aakulu, kolera, kutsekula m'mimba, kutaya magazi ambiri pobereka kapena kukwera kwa BP kwa mayi woyembekezera kungaimitse impso. Mkodzo umachepa kwambiri kapena kusiyiratu, ndipo kwa ena odwala malungo umada ngati tiyi wopanda mkaka. Wotereyu akafika msanga kuchipatala, impso zake kawirikawiri zimadzukanso.

Njira yachiwiri ndi yapang'onopang'ono. Imeneyi imadza makamaka ndi kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga ndi kachilombo ka HIV. Madokotala amati ndi matenda okhalitsa vutolo likapitirira miyezi itatu. Wodwala amadzuka zikope zitatupa, madzulo n'kutupa mapazi, moti ukadina ndi chala pamatsala kadzenje. Mkodzo umachita thovu losatha msanga, ndipo usiku amadzuka kangapo kukataya madzi. Pambuyo pake pamabwera kufooka, kuchepa kwa magazi, nseru, kuyabwa thupi ndi kubanika. Kumudzi, miyendo ikatupa, maganizo amathamangira ku tsempho, ndipo miyezi imatha banja likufunafuna wolakwa. Kutupa kungachokerenso ku mtima kapena chiwindi, n'chifukwa chake wodwala ayenera kuyezedwa.

Kuyezako kumayambira pachipatala chaching'ono chapafupi, ndipo chida choyamba ndi mafunso. "Bambo, mukukodza kangati patsiku? Mkodzo ukuoneka bwanji? Mwakhala mukumwa mankhwala anji?" Funso lomalizali n'lofunika kuliyankha mosabisa. Mapiritsi opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac, amene ambiri amagula okha akaweruka kumunda, amavulaza impso akamwedwa kawirikawiri, makamaka m'thupi mukachepa madzi. Zitsamba zina zosadziwika mlingo wake zimateronso.

Kenaka amayeza BP. Ikamafika 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, ndiye kuti yakwera. Amaviikanso kapepala m'mkodzo, ndipo pakangotha mphindi imodzi kapena ziwiri kamasintha mtundu ngati muli mapuloteni, magazi kapena shuga. Impso yabwino siitaya mapuloteni, choncho akapezeka ndiye kuti sefa yayamba kubooka.

Zikatero wodwala amatumizidwa kuchipatala cha boma chomwe chili ndi labotale. Kumeneko amayeza creatinine, chinthu chotsalira m'magazi chomwe impso zimayenera kutaya. Akachiphatikiza ndi zaka za wodwalayo amapeza nambala yotchedwa eGFR, yosonyeza mphamvu ya impso. Ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu, matenda akhazikika. Ikatsika pansi pa 15, impso zalephera. Sikani ya pamimba imaonetsa ngati impso zafota, zatupa ndi mkodzo kapena muli miyala.

Kwa amene impso zalephera, ulendo umapitirira. Galimoto imawoloka mtsinje wa Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kudutsa pa Thabwa, kenaka imayamba chikweza chokhotakhota. Wodwala akacheuka amaona chigwa chonse chili tantha m'munsi, mtsinje ukunyezimira pakati. Pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pa boma la Chikwawa pali mzinda wa Blantyre ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe anthu amachitcha Gulupu. Kumeneko, monganso ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kuli makina a dialysis osefa magazi m'malo mwa impso.

Makinawa amapulumutsa moyo, koma kwa wodwala matenda okhalitsa sachiza. Iye amayenera kulumikizidwa kwa maola pafupifupi anayi, kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wake wonse, pokhapokha atapatsidwa impso ina. Kwa mlimi wa ku Nchalo zimenezi zikutanthauza kusiya munda, kugulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti, ndi kufuna wachibale womusunga m'tauni. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka.

N'chifukwa chake ntchito yaikulu ili kumunsi kwa chikweza chija. Chiyambire 2006, Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Malichi ndi tsiku lokumbukira impso padziko lonse, koma mlangizi wa zaumoyo sayenera kudikira tsikulo. Aliyense wodwala shuga, BP kapena womwa ma ARV ayezetse mkodzo ndi magazi kamodzi pachaka, osasiya mankhwala ake payekha. Mchere uchepe m'ndiwo. Mwana wokodza magazi apite kuchipatala sabata yomweyo. Ndipo mlimi wa m'chigwa chotentha, kaya ndi cha Shire, cha Zambezi kapena cha Luangwa, akamanyamula khasu m'bandakucha anyamulenso chigubu cha madzi.