Chisanu cha Mvula ku Cape Town

M'mwezi wa Julayi 2024 ife pamodzi ndi amai a kunyumba kwathu tinapita ku Cape Town kukazonda mng'ono wathu amene agwira ntchito yosamala maluwa kumeneko. Ulendo wake ndi wautali ndithu. Basi ichoka ku Blantyre, nidzera ku Mwanza, niwoloka Zambezi pa Tete, nipyola Harare ndi Beitbridge kufikira ku Johannesburg. Ndipo pamene munthu ayesa kuti wafika, amuuza kuti kwatsala makilomita 1,400. Tifuna kukusimbirani za chisanu cha dziko limenelo, pakuti mabanja ambiri m'midzi mwathu ali ndi mwana kapena mbale kumeneko, koma ndi owerengeka amene adziwa umo akhalira.

Kwathu kuno chisanu ndi nyengo youma. Chimanga chili m'nkhokwe, m'mawa tiwotha moto pabwalo, ndipo dzuwa likakwera thupi lifunda. Ngakhale chiperoni cha ku Mulanje ndi ku Thyolo chingowaza masiku awiri kapena atatu, nichoka. Koma ku Cape nyengo zidatembenuzika. Mvula yao igwa m'chisanu, makamaka kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, ndipo m'miyezi imene ife tibzala ndi kupalira, kwao kuli dzuwa ndi fumbi. Mvulayo idza ndi mphepo yochokera m'nyanja ya Atlantic. Sichita mabingu kawirikawiri monga yathu, koma igwa chopendekera, usana ndi usiku, yozizira ngati madzi a m'mtsuko wogona panja. Dzuwa lituluka nthawi itayandikira 8 koloko, nililowa cha m'ma 6. Phiri lotchuka la Table Mountain, limene msinkhu wake upitirira mamita 1,000, tinakhala masiku anai osaliona chifukwa cha mitambo.

Mng'ono wathu akhala ku Vrygrond, pafupi ndi Muizenberg, m'kanyumba ka malata komangidwa pamchenga. Malowo ndi otsika, kotero kuti madzi alowa pawiri: ena adontha kudenga, ena atumphuka pansi. Bedi lidaikidwa pa njerwa, ndipo pakati pa nyumba pakhala chidebe cholandira madontho. M'mwezi womwewo mkuntho unabwera motsatizana, ndipo nyumba zotere zikwizikwi zinalowa madzi m'madera a anthu osauka a mzindawo. Nkhuni zotola kulibe. Wofuna kuwotha agule parafini kapena magetsi. Ufa ngwogula, masamba ngogula, ndipo malaya ochapa Lolemba afika Lachinai asanaume. Chimene chinatimvetsa chisoni koposa ndi ichi: ambiri a abale athu alipidwa pa tsiku, ndipo mvula ikalimba bwana atumiza mau kuti lero usabwere. Tsiku limenelo lilibe malipiro, koma mwini nyumba sachotsako kanthu pa lendi. Madzulo anansi a ku Mangochi, a ku Dedza ndi a ku Mzimba ankabwera kudzatilonjera ndi kufunsa za kumudzi. Akhristu mwa iwo ankatsala, ndipo tinkapemphera Kolona mvula ikuomba malata mwakuti mau a wotsogolera sankamveka bwino.

Tsono mng'ono wathu anali atasunga kandalama kuti Loweruka lina, tsiku lake lopuma, akationetse nyanja. Kunacha ndi mvula. Ife tinati tikhale, koma iye anati: "Achimwene, mwayenda ulendo wonsewu pamodzi ndi alamu, kodi mubwerera osaona nyanja ya mchere? Akakakufunsani kumudzi mukayankha chiyani?" Tinabvala majekete obwereka, ninyamuka.

Pa gombe la Muizenberg pali timanyumba ta matabwa topakidwa utoto wofiira, wachikasu ndi wobiriwira, momwe anthu osamba asinthira zobvala m'nyengo yotentha. Tsiku limenelo tonse tinali totseka, ndipo mchenga unali wopanda anthu, kupatula anyamata ochepa amene ankakwera mafunde ataimirira pa matabwa, osasamala kuzizira. Ife amene tidaona mwera pa Nkhotakota tinkayesa kuti tidziwa mafunde, koma awa ndi ena. Amai anatapa madzi ndi dzanja nalawa, nalabvula msanga, ndipo tonse tinaseka. Nyanja imeneyi iphwa ndi kudzalanso kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu ya mwezi, chinthu chimene nyanja yathu sichita moti munthu n'kuona. Kuyambira Juni kufikira Novembala anamgumi achoka ku madzi ozizira a kumwera nabwera kudzaswera m'magombe amenewa; tinayang'anitsitsa, koma nkhungu inatimana.

Tinayenda pansi kutsata msewu umene uyenda limodzi ndi njanji m'mphepete mwa madzi, kulinga ku dooko la asodzi la Kalk Bay. Tili pakati pa njira mvula inalimba, ndipo tinathawira ku tchalitchi cha miyala cha Yakobo Woyera. Mbiri yake inatikhudza mtima. Zaka za m'ma 1800 asodzi Achikatolika a ku Philippines adakhazikika ku Kalk Bay, kutali ndi kwao kuposa umo ife tinaliri kutali ndi kwathu, ndipo mu 1858 adawamangira kachalitchi kuti asasowe Misa. Lero dera lonselo ndi siteshoni yake ya sitima zitchedwa St James potsata dzina la tchalitchicho. Yakobo mwini wake adali msodzi, ndipo chikondwerero chake chigwa pa 25 Julayi, pakati pa chisanu chao. Tinagwada madzi akudontha m'malaya, ndi kupempherera alendo onse ofuna chakudya m'dziko la eni.

Pa Kalk Bay mabwato ambiri anali omangirira, pakuti nyanja ikakwiya asodzi nawonso agona ndi njala. Tinagula nsomba yokazinga yotchedwa snoek, yaitali ndi ya minga yambiri, ndi kuidya titabisala pakhonde. Pamenepo ife tinayamba kudandaula kuti mvula yationongera tsiku. Mng'ono wathu anatidzudzula mwaulemu: "Achimwene, musaitukwane. Mukadakhala kuno mu 2018 simukadatero." M'chaka chimenecho, itachepa mvula zaka zitatu zotsatizana, damu lalikulu la Theewaterskloof linatsala pang'ono kuuma, ndipo kuyambira Febuluwale munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha pa tsiku. Kuthirira maluwa ndi madzi a m'mipopi kunaletsedwa, ndipo ntchito ya osamala maluwa inachepa. Mvula yomwe iwamana malipiro lero ndiyo iwasungira ntchito ya m'chilimwe, ndiyonso ikulitsa tirigu wa ku Swartland amene afesedwa cha mu Meyi. Akulu adanena kuti walira mvula walira matope. Tinachita manyazi kuti ife ophunzitsa ena tinakumbutsidwa mwambiwo ndi mng'ono wathu.

Chifukwa chake, abale, ndalama ikafika pa foni kuchokera ku Cape, dziwani kuti yatuluka m'kanyumba kodontha. Musaimwaze ku mowa kapena ku zinthu zodzionetsera. Igule feteleza, ilipire sukulu, iike malata. M'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti ikachepa, musafulumire kunena kuti mwana watiiwala. Mukamuimbira foni, yambani mwafunsa ngati ali ndi bulangete ndiponso ngati apita ku Misa, pakuti mwana amene amva mau a ndalama okhaokha kuchokera kwao ayamba kuopa foni ya amake.

Tchalitchi chachikulu cha Akatolika mu mzindawo, chimene chidadalitsidwa mu 1851, chidaperekedwa kwa Maria Woyera wothawira ku Ejipito. Amai amene adalera Yezu m'dziko lachilendo adziwa chisanu cha alendo. Madzulo ano, pamene muwotha moto wa nkhuni zanu, tchulani ana anu maina pa Kolona, kuti Ambuye awasunge m'chikhulupiriro ndi kuwabwezera kwao amoyo.