Kampira Koyera ndi Cipata Cotseka

Pakati pa masewera onse a m'dziko lathu la Zambia, palibe amene anthu amawaseka kuposa gofu. Anzathu a mu mphakati akationa titasenza zikwama za ndodo m'mamawa pa Ciweru, amapukusa mitu nafunsana kuti: "Kodi akuluakulu a ndevu zao angataye maola 4 kulondola kampira kocepa ngati dzira la nkhuku?" Ena amanena mosabisa kuti amenewa ndi masewera a mabwana, ndipo Mkhristu wamba alibe nao gawo. Mau otere sitiwanyoza, pakuti ali ndi pocokera. Koma ife amene tinalawa kukoma kwa masewerawa tili ndi ngongole kwa inu, okondedwa awerengi. Tiyenera kukufotokozerani cimene timapeza pa udzu umenewo, ndiponso cifukwa cake mtima umatiwawa poona ana a anthu wamba akali kusuzumira kunja kwa mpanda.

Kaseweredwe kake ndi kosavuta kumva. Bwalo lathunthu lili ndi maenje 18, ndipo mabwalo ang'onoang'ono ali ndi 9. Wosewera saloledwa kunyamula ndodo zopitirira 14. Dzenje lililonse kukamwa kwake ndi mamilimita 108 cabe, ndipo wopambana ndi uja amene walowetsa mpira wake m'maenje onse ataumenya kawirikawiri kocepa kuposa anzake. Pofika pa dzenje lotsiriza munthu amakhala atayenda makilomita 8 kapena kuposerapo, mame ali kumapazi, mbalame zikulira m'mitengo. Palibe wothamangitsa mnzake. Pakati pa kumenya kwina ndi kwina pamakhala mpata wa kuceza, ndipo taona bambo ndi mwana wake wamwamuna, amene kunyumba salankhulana kupitirira moni, akumasukirana pa ulendo wotere mpaka kukambirana za sukulu, za ukwati ndi za mantha a mumtima. Nkhani zina zimatuluka bwino anthu akamayenda phewa ndi phewa kusiyana ndi pamene akhala moyang'anizana.

Cokoma cacikulu, komabe, ndi ici: gofu ndi masewera amene munthu amadziweruza yekha. Ku mpira wamiyendo woweruza amathamanga ndi osewera, ndipo wocenjera amayesa kumubera maso. Ku gofu, mpira wako ukagwera m'thengo umapitako wekha. Ukaukankha pang'ono ndi phazi kuti ukhale poyera, palibe adzadziwa, kupatula iwe ndi Mulungu. Malamulo amafuna kuti wolakwa adziulule yekha ndi kudzilembera cilango. Mu 1925, pa mpikisano waukulu wa US Open ku Worcester m'dziko la America, katswiri wina dzina lake Bobby Jones anaona mpira wake utasuntha pang'ono mu udzu pamene anali kukonzeka kuumenya. Oyang'anira sanaone kanthu, koma iye anaumirira kuti amulembere cilango. Pakutha pa mpikisano anafanana mphamvu ndi Willie Macfarlane, ndipo atabwerezanso kusewera awiriwo, Jones anagonja. Cikho cinamupita, koma kufikira lero anthu amakumbukira kukhulupirika kwake. Ife amene timaphunzitsa ana athu kufufuza mtima asanapite ku Sakramenti la Kulapa tiyenera kuzindikira kuti pano pali sukulu ya cikumbumtima. Mwana wozolowera kulemba nambala yoona pa kapepala ka gofu sadzavutika kulemba nambala yoona m'buku la ndalama za mpingo kapena za boma.

Cokoma cina ndi cakuti wamphamvu ndi wofooka amatha kupikisana mwacilungamo. Wosewera aliyense amapatsidwa nambala yosonyeza luso lake, imene timaicha handikapu. Wa handikapu 24 akakumana ndi wa handikapu 6, wofookayo amacotseredwa kumenya 18, ndiko kunena kamodzi pa dzenje lililonse. Motero agogo a zaka 70 angathe kugonjetsa mdzukulu wao wa zaka 17, ndipo mai angathe kugonjetsa amuna ao popanda wina kunena kuti wacitiridwa cifundo. Kuyambira mu 2020 dziko lonse lapansi limatsata njira imodzi yowerengera handikapu, kotero kuti wa ku Kitwe angathe kusewera mofanana ndi wa ku Nairobi kapena ku London. Ndi masewera angati amene banja lonse lingasewere pamodzi motere?

Nanga ngati gofu ndi wokoma cotere, bwanji ambiri a ife timamuona ngati mlendo? Yankho lili m'mbiri yathu. Masewerawa anakulira ku Scotland, ndipo kuno anabwera ndi azungu a boma la atsamunda. Ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, bwalo linalambulidwa m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Kalabu ya ku Livingstone inayamba mu 1908, ndipo ya ku Lusaka mu 1935, caka cimene mzindawo unakhala likulu la dziko. Makampani a migodi anamanganso mabwalo ao: Nchanga ku Chingola, Nkana ku Kitwe, Roan Antelope ku Luanshya, ndi lina ku Mufulira. M'masiku amenewo munthu wakuda ankalowa pa cipata kudzachecha udzu kapena kudzanyamula cikwama ca bwana. Makolo athu anadziwa mabwalo amenewa ndi mapewa ao, ndipo cikumbukiro cotere sicifafanizika msanga.

Ufulu wa 1964 unatsegula cipata, ngakhale pang'ono. Malemu David Phiri, amene pambuyo pake anakhala mkulu wa Bank of Zambia, anali munthu wakuda woyamba kusewera gofu moimira yunivesite ya Oxford. Mtsogoleri wathu woyamba, malemu Kenneth Kaunda, anawakonda kwambiri masewerawa, ndipo ankasewera pa bwalo la ku State House. Mpikisano wa Zambia Open unayamba mu 1972, nukopa akatswiri a ku Ulaya. Ian Woosnam wa ku Wales, amene anaupambana mu 1985, ndi yemwe anadzapambana mpikisano wochuka wa Masters ku America mu 1991. Pa nthawi ya ZCCM, kampani ya migodi imene inakhazikitsidwa mu 1982, makalabu a ku migodi ankadalira thandizo la kampani, ndipo wogwira nchito ankatha kusewera mosaboola thumba. Koma mtengo wa kopa utagwa, ndi migodi itagulitsidwa, nchito imene inatha mu 2000, thandizo lija linacepa m'malo ambiri. Udzu wa gofu umamwa madzi ndi ndalama tsiku ndi tsiku. Kalabu ikasowa mamembala imakweza zopereka, zopereka zikakwera mamembala amathawa, ndipo otsala amakhala okalamba okhaokha. Pamenepo ofuna malo omangapo nyumba amayamba kuponya maso pa bwalo. Bwalo likadulidwa mapuloti silibwereranso.

Kuti luso lilipo pakati pathu, umboni ndi Madalitso Muthiya. Iye anabadwa mu 1983, nayamba kugwira ndodo ali ndi zaka 6. Luso lake litafika m'makutu a Pulezidenti Frederick Chiluba, njira inatseguka yakuti akaphunzire ku yunivesite ya New Mexico ku America. Mu 2006, ku Winged Foot, anakhala munthu woyamba wa ku Zambia, ndiponso munthu wakuda woyamba wa mu Africa, kusewera mu US Open. Mu 2016 anapambana mpikisano wa akatswiri wa Sunshine Tour ku South Africa. Tikamanyadira dzina limeneli, tidzifunsenso: kodi ndi a Madalitso angati amene lero akutinyamulira zikwama? Anyamata onyamula zikwamawa, amene pabwalo timawaitana kuti akadi, amadziwa kupendekeka kwa nthaka ndi kaombedwe ka mphepo kuposa ife. Tawaona madzulo kuseri kwa mitengo akumenya mpira wotola ndi ndodo yothyoka, ndipo kamenyedwe kao kamatisiya kukamwa yasa. Ambiri a iwo amabwera cifukwa ca njala ya kunyumba, ndipo ena amajomba kusukulu kuti apeze ya ndiwo.

Akuluakulu a masewerawa akuyesetsa kuwafalitsa. Gofu anabwereranso ku masewera a Olimpiki mu 2016 ku Rio de Janeiro, atasowako kuyambira mu 1904. Mu 2024 bungwe la R&A la ku Scotland linayambitsa mpikisano wa osewera a mu Africa amene sali a malipiro, ku Leopard Creek m'dziko la South Africa, ndipo wopambana amapeza malo mu mpikisano wakale wa The Open. Kuno kwathu Zambia Golf Union imakonza mipikisano ya acinyamata. Zonsezi ndi zabwino, koma mvula yocokera kumwamba imapindula pokhapokha pansi pali mbeu. M'mera mpoyamba, ndipo mbeuyo tiyenera kuibzala ndife, mamembala wamba.

Zofunika sizoposa mphamvu zathu. M'nyumba zambiri za osewera muli ndodo zakale zimene zikucita dzimbiri. Zitadulidwa kuti zifupike, zingakwanire manja a mwana. Kalabu iliyonse ingapatule masana amodzi pa sabata kuti ana a sukulu zoyandikana, asungwana ndi anyamata omwe, adzasewere maenje 3 kapena 4 kwaulere. Akadi apatsidwe tsiku lao losewera, alipidwe molemekeza thukuta lao, ndipo pasapezeke Mkhristu wopatsa mwana cikwama pa nthawi ya sukulu. Amene akwanitsa atengeko mmodzi ndi kumulipirira sukulu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngakhale pa bwalo la parishi, zitini zokwiriridwa pansi ndi ndodo ziwiri zingayambitse cidwi. M'madera ouma osewera akhala akulowetsa mpira m'maenje ozunguliridwa ndi mcenga m'malo mwa udzu, ndipo cimwemwe cao sicinacepe.

Tisabise kuti masewerawa ali ndi misampha yake. Osewera amanena mwanthabwala za dzenje la 19, ndiyo nyumba yomweramo ya pa kalabu, ndipo mabanja ena alira cifukwa ca dzenje limeneli. Kubecha ndalama nako kumaononga cibwenzi. Msampha wina ndi wa kuba tsiku la Ambuye, pakuti mipikisano yambiri imagwera pa Lamulungu m'mawa. Pano tiphunzire kwa eni ake masewerawa. Bwalo lakale la ku St Andrews ku Scotland, limene osewera a dziko lonse amalilemekeza, limatsekedwa pa Lamulungu kupatula pa mipikisano yaikulu yowerengeka, ndipo tsiku limenelo anthu a mumzindawo amayendapo ndi ana ao momasuka. Ngati bwalo lochuka cotere limapumula ndi kulandira anthu wamba, ife tingalephere bwanji kuyamba ndi Misa, ndi kutsegulira anansi athu?

Eklezia saona masewera ngati kutaya nthawi. Yohane Bosco Woyera anakokera anyamata osauka a ku Turin kwa Mulungu poyamba kusewera nao. Papa Yohane Paulo Waciwiri, amene anatiyendera kuno mu 1989, anali munthu wokonda kuyenda m'mapiri, ndipo mu 2004 anakhazikitsa ku Vatican nthambi yoona za Eklezia ndi masewera. Cimene tikupempha ndi cogwirizana ndi mzimu womwewo. Inu makolo, mwana akapempha kukaona gofu musamuuze kuti si za ife. Mabwalo amenewa anakula ndi thukuta la agogo ake. Ndipo ife osewera tikumbukire kuti dzina la mzinda wa Chipata limanena za khomo loloweramo. Tiyeni tiimirire pa khomo la makalabu athu ngati olandira alendo, kuti ana amene lero akusuzumira pa mpanda mawa ayende nafe pa udzu, aphunzire kudekha, ndi kunena zoona pamene palibe wowaona.